“Kamakina kananama” si yankho pamaso pa majisitireti

Anthu ambiri amene amafika kwa loya atagwidwa akuyendetsa galimoto atamwa amabwera ndi mawu amodzimodzi: “Kamakina kaja kananama.” Amanena breathalyser, kamakina kouzira kamene apolisi amayezera mowa. Ukawafunsa kuti anaimitsidwa nthawi yanji, anauzira nthawi yanji, kanaonetsa nambala yanji, amangoyang'ana pansi. Ukafunsa za kukhoti, amati anapita kale, anavomera mlandu, chindapusa analipira. Nanga tsopano loya achitepo chiyani? Zimenezi zimanditopetsa komanso zimandiwawa, chifukwa ena mwa anthuwa anali ndi mfundo yeniyeni, koma anaitaya okha pa rodibuloko pomwepo ndiponso m'mphindi zochepa zimene anaima m'khoti.

Lamulo la Road Traffic Act la 1997 linaika malire a mowa pa magalamu 0.08 m'mamililita 100 aliwonse a magazi. Koma milandu yake ndi iwiri, ndipo anthu amaisakaniza. Woyamba ndi kuyendetsa mowa utakusokonezani mutu. Umenewu sulira breathalyser ayi. Umboni wa wapolisi woti mumanunkha mowa, mumadzandira, lilime linali lolemera, galimoto imadya mbali zonse za msewu potsikira ku Luchenza, ukhoza kukwanira. Wachiwiri ndi kupyola malire aja, ngakhale mukuyenda mowongoka ndi kuyankhula bwinobwino. Kulimbana ndi kamakina kumathandiza kwenikweni pa mlandu wachiwiriwu, choncho werengani chikalata cha mlandu mudziwe kuti akukuzengani uti. Ndi chifukwa chakenso kukana kuuzira sikupulumutsa munthu. Mlandu woyamba uja umakhalapobe, ndipo mwangowonjezera chinthu choipa choti wapolisi akanene za inu. Dziwaninso kuti kukhala pampando wa dalaivala injini ikulira pamsewu wa anthu onse kumawerengedwa, ngakhale matayala sanazungulire.

Breathalyser siyeza magazi. Imayeza mowa umene uli mu mpweya wochokera pansi pa mapapo, n'chifukwa chake amakuuzani kuti muuzire mosalekeza kwa masekondi angapo. Mu timakina tabwino, mpweyawo umafika pa kachitsulo ka platinum, mowa umasungunuka pamenepo n'kutulutsa timagetsi, ndipo kukula kwa timagetsito ndiko kumasanduka nambala. Pofuna kusandutsa nambala ya mpweya kukhala ya magazi, timakina tambiri timagwiritsa ntchito chiwerengero cha 2100 kwa 1: mowa wa m'mamililita 2100 a mpweya umatengedwa kuti ndi wofanana ndi wa mu mililita imodzi ya magazi. Matupi amasiyana, n'zoona. Koma kwa anthu ambiri amene mowa walowerera kale m'thupi, chiwerengero chenicheni chimakhala chokwererapo, kutanthauza kuti kamakina kamawachotserako pang'ono m'malo mowawonjezera. Mfundo yoti “thupi langa ndi losiyana” simupita nayo patali.

Chimene ndimafuna aliyense achione ndi maso ake ndi timalemba tili pambali pa nambala. Timakina tina timaonetsa mowa wa m'magazi, tina wa mu mpweya. Malire a 0.08 m'magazi amafanana ndi pafupifupi 0.38 mg/L mu mpweya, kutanthauza mamiligalamu a mowa pa lita imodzi ya mpweya. Ndiye nambala ya 0.20 ikhoza kutanthauza zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri. Ikakhala 0.20 mg/L, munthuyo ali pa 0.04 m'magazi, theka la malire. Ikakhala 0.20 ya m'magazi, wapyola malire kawiri ndi theka. Amene wangouzidwa pakamwa kuti “mwapyola” osaona galasi la kamakinako sadziwa kuti ali mbali iti. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni, ndipo nambala ilembedwe pamodzi ndi timalemba take.

Nkhani imene siindichoka m'mutu ndi ya mowa wotsalira m'kamwa. Tengani dalaivala wa pa esiteti ya tiyi, bambo wa makilogalamu 70, wamwa botolo limodzi la mamililita 330 pa Chitakale, wameza komaliza, walowa m'galimoto, pasanathe mphindi 3 wapeza apolisi. Botolo loterolo la mowa wa maperesenti 5 lili ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni. M'thupi la bambo ameneyu silingakweze magazi kupyola 0.03. Koma akauzira nthawi yomweyo, kamakina kamakumana ndi mowa umene udakali pa lilime, m'nkhama ndi kukhosi, ndipo kakhoza kuonetsa nambala yoposa 0.08. Kamakinako sikanawonongeke, kayeza zimene kapatsidwa. N'chifukwa chake opanga timakinati amalangiza kudikira mphindi 15 mpaka 20 kuchokera pamene munthu wamwa komaliza, asakudya, asakusuta, asakusanza, kenako n'kuyeza, makamaka kawiri. Mowa wa m'kamwa umatha msanga, ndiye nambala yachiwiri imagwa kwambiri. Wa m'magazi sugwa choncho. Nambala ziwirizo zimayandikana.

Bambo ameneyu akanangonena kuti, “Bwana, ndameza posachedwapa, ndikupempha mundiyezenso pakatha mphindi 20,” nkhani ikanathera pomwepo, kapena pempho lakelo likanakhala umboni. M'malo mwake amachita mantha, amagona m'chitokosi, m'mawa wina amamunong'oneza kuti kuvomera ndiko kutuluka msanga, ndipo amavomera. Kuntchito amva kuti khoti lamupeza wolakwa pa mlandu wa mowa. Ntchito ya udalaivala yathera pomwepo, banja lonse lili m'nyumba ya kampani. Sindikunena kuti anachita bwino kumwa n'kugwira chiwongolero; ngakhale botolo limodzi limachedwetsa phazi kufika pa buleki, makamaka m'chiperoni cha ku Thyolo kuno pamene wa kabaza umamuona ali kale pamphuno. Ndikunena kuti mlandu umene anavomerawo sanaupalamule.

Zomwezi zimachitika ndi mankhwala otsukira m'kamwa, mankhwala ena a chifuwa amene amakhala ndi mowa, kugeya, komanso chilungulira chimene chimabweza za m'mimba kukhosi. Zonsezi zimatha ndi kudikira ndi kuyezanso, ndipo zimathandiza pokhapokha mwazinena nthawi yomweyo. Kuzitulutsa patapita sabata 3 kumamveka ngati zopeka.

Kamakina nakonso kamakalamba. Kachitsulo ka m'kati kamafooka, ndiye kamayenera kuyesedwa ndi mpweya umene kuchuluka kwa mowa wake kukudziwika kale, n'kukonzedwa ngati kasochera. Opanga ambiri amati zimenezi zichitike pa miyezi 6 mpaka 12 iliyonse. Loya wodziwa ntchito sakuwa kuti makina ndi abodza. Amafunsa mboni ya boma nambala ya kamakinako, tsiku limene kanayesedwa komaliza, anakayesa ndani, chikalata chake chili kuti, woyezayo anaphunzitsidwa liti, kapaipi kouzirira kanali katsopano kapena ayi, kamakina kanaonetsa ziro musanauzire kapena ayi. Udindo wotsimikizira mlandu mopanda chikaiko ndi wa boma, osati wanu. Ku South Africa, mu 2011, khoti lalikulu la ku Cape Town linamasula dalaivala wina pa mlandu umene unadalira makina oyezera mowa a kampani ya Dräger, litaona zoperewera pa kayesedwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka makinawo, ndipo kwa kanthawi boma linasiya kudalira makinawo m'makhoti. Chigamulo chimenecho sichimanga makhoti a kuno, koma mafunso ake ndi omwewa.

Kutentha thupi kumakwezanso nambala. Kamakina kamatenga kuti mpweya wa munthu umatuluka uli pa madigiri 34, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imakweza nambala ndi maperesenti 6 kapena kuposerapo pang'ono. Wodwala malungo amene wapezeka ndi 0.085 ali ndi poyambira, bola akhale ndi buku la kuchipatala loonetsa kuti tsikulo thupi linatenthadi. Wa 0.15 asadzivutitse.

Odwala shuga ndiwo ndimawadera nkhawa koposa, ndipo apa nkhani si mlandu wokha koma moyo. Shuga akatsika kwambiri munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera, amasokonezeka, mawu samveka, amadzandira ngati woledzera. Akakwera kwambiri, mpweya umanunkha ngati zipatso zowola, ndipo timakina totchipa timene sitigwiritsa ntchito platinum tikhoza kutenga fungo limenelo ngati mowa. Munthu wotere kumutsekera kuti “agone mowa uthe” n'kumuika pa imfa. Yendani ndi buku lanu la kuchipatala m'galimoto, ndipo achibale amene afika kupolisi asayambe ndi kukambirana za belo. Ayambe ndi kunena kuti m'bale wawo ali ndi shuga ndipo aonedwe ndi achipatala.

Za kutafuna mtedza, adyo, makala, chingamu, kuika ndalama yachitsulo pansi pa lilime, zisiyeni. Zimabisa fungo kwa mnzanu, osati mowa wochokera m'mapapo. Tiyi wowawa, kusamba madzi ozizira a mu Likhubula, nsima yambiri mutamwa kale, palibe chimene chimafulumizitsa chiwindi. Chiwindi chimachotsa pafupifupi 0.015 pa ola, basi.

Werengani nokha. Munthu wachoka ku chinkhoswe ku Limbuli 1 koloko usiku ali pa 0.20, zimene sizovuta ndi kachasu, pakuti mphamvu yake sadziwa ngakhale wotcheza. Wagona, wadzuka, wasamba, 6 koloko m'mawa waliza lole. Maola 5 achotsa 0.075 yokha; adakali pa 0.125. Kuti atsike kufika pa malire ndi cha m'ma 9 koloko, ndipo kuti mowa utheretu ndi masana cha m'ma 2 koloko. Ameneyu akamalumbira kuti “lero sindinalawe” akunena zoona, koma mlandu ali nawo, ndipo palibe loya woona mtima amene angamuuze kuti kamakina kanalakwa. Matsire si chizindikiro choti mowa watha.

Mukakaikira nambala, pemphani kuti akutengereni kuchipatala, dokotala akuoneni ndipo atenge magazi, komanso pempho lanulo lilembedwe. Apa kuchedwa kumapha umboni: magazi otengedwa mawa lake sanena chilichonse za usiku wa dzulo. Potenga magaziwo asapukute khungu ndi sipiriti, kabotolo katsekedwe ndi kulembedwa dzina, tsiku ndi nthawi inu mukuona, ndipo aliyense amene kadutsa m'manja mwake adziwike. Mukangopeza mpata lembani nthawi imene munameza komaliza, imene munaimitsidwa, imene munauzira, mayina kapena nambala za apolisi, ndi amene munali nawo m'galimoto. Lisiti la kubala kapena uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba woonetsa nthawi imene munalipira musaufufute.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chimene mwamangidwira, wokhala chete, woonana ndi loya, ndi wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48. Perekani dzina ndi laisensi, uzirani, musalimbane ndi munthu. Koma “ndangomwa awiri okha, bwana” ndi umboni umene mwaupereka nokha, ndipo udzawerengedwa m'khoti. Nenani za nthawi ndi za matenda. Za chiwerengero cha mabotolo dikirani loya. Belo ya kupolisi ndi yaulere.

M'khoti, akakuwerengerani mlandu, muli ndi ufulu wopempha nthawi kuti mupeze loya musanayankhe. Amene alibe ndalama apite ku Legal Aid Bureau. Mukavomera, woimira boma amawerenga mmene zinachitikira ndipo majisitireti amakufunsani ngati n'zoona. Ngati muli mfundo yolakwika, nenani pomwepo. Mukangovomera zonse, kawirikawiri apilo imatsala ya kukula kwa chilango chokha, osati yoti simunalakwe, ndipo chidziwitso choti mukufuna kuchita apilo chimayenera kuperekedwa m'masiku 10. Anthu amabwera patatha miyezi, kuntchito atawachotsa kale. Ngati nthawi yodikira inatsatidwa, kamakina kali ndi mapepala ake, nambala yapyola malire kwambiri, kuvomera msanga n'kudandaula bwino, ndi umboni woti ndi koyamba ndiponso kuti banja limadalira laisensiyo, ndiyo njira yanzeru. Koma ngati pavulala kapena pafa munthu, musayankhe mlandu uliwonse popanda loya.

Pakhomo pa khoti ndi pa polisi pamakhala madobadoba, ovala bwino, onyamula mafayilo, odziwa dzina la aliyense. Adzakuuzani kuti majisitireti ndi mnzawo, kuti fayilo ikhoza kusowa, kuti mungopereka “kangachepe”. Ndalama imapita, tsiku la mlandu limafika inu muli kunyumba mukuganiza kuti zinatha, ndipo khoti limatulutsa chikalata choti mumangidwe chifukwa chothawa belo. Kupereka chiphuphu ndi mlandu kwa woperekayo pansi pa Corrupt Practices Act, ndipo ndi wolemera kuposa umene munayamba nawo. Wina akati ndi loya, funsani dzina lake lonse mukalione pa mndandanda wa maloya a chilolezo umene a Malawi Law Society amatulutsa. Ndalama iliyonse ya chindapusa iperekedwe pamalo ake ndipo mulandire GR (lisiti la boma) yolembedwa dzina lanu, mlandu wake ndi ndalama yeniyeni imene mwapereka.