Lilongwe mpaka Johannesburg: mphindi 40 zina zimapita kuti?

Bambo wina anabwera mu ofesi mwathu momwe timagulitsa matikiti a ndege, atalemba masamu kuseri kwa lisiti. "Achimwene, kuchoka pa Kamuzu International Airport kukafika pa OR Tambo ndi makilomita pafupifupi 1,500. Boeing 737 imathamanga makilomita oposa 800 pa ola. Maola awiri sakwana apa. Nanga tikitiyi ikuti maola awiri ndi theka bwanji?"

Masamu awo sanaphonye. Chimene sanadziwe n'chakuti nthawi ya pa tikiti siyambira pomwe matayala achoka pansi ayi. Imayambira pomwe ndege yasuntha pamalo oimikapo, n'kuthera pomwe yaima pa geti uko. Pa Lumbadzi, pomwe pali bwalo la Kamuzu, mzere wa ndege umakhala waufupi, koma OR Tambo ndi limodzi mwa mabwalo otanganidwa kwambiri mu Africa muno. Mutha kutera bwinobwino, kenako n'kumakwawa ngati fulu mphindi khumi kapena kuposerapo musanafike potsikira.

Liwiro la 800 lija nalonso ndi la pakati paulendo pokha, ndege ikakwera makilomita 10 kapena 11 m'mwamba. Kukafika kumeneko zimatenga mphindi ngati 20, ndipo ili m'munsi mwa mafiti 10,000 (makilomita ngati atatu) kawirikawiri siloledwa kupitirira makilomita pafupifupi 460 pa ola. Kutsika kumayambira kutali, ndipo oyang'anira mlengalenga amatha kuizungulitsa kaye kuti zinzake zitere. Siyendanso chingwe chowongoka ngati chomwe mungajambule pa mapu. Ili ndi misewu yake yam'mwamba.

Ndiye pali mphepo. Pamwamba pa kum'mwera kwa Africa imaomba kwambiri kuchokera kumadzulo, makamaka m'nyengo yozizira ya June ndi July. Popita ku Joni ndege imalimbana nayo pang'ono, pobwerera imakankhidwa kumsana, choncho musadabwe ulendo wobwera kumudzi ukafupikirako. Ikakhala yodzera pa Chileka ku Blantyre, onjezani ola kapena kuposa, ngakhale makilomita owonjezerawo ndi ochepa.

Koma chimene chimasokoneza makasitomala athu kwambiri ndi wotchi. Malawi ndi South Africa nthawi yawo ndi imodzi, kotero za Joni n'zosavuta. Nairobi ili pafupi pang'ono kuposa Johannesburg, makilomita 1,400 ndi zina, koma Kenya ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo tikiti imalemba nthawi ya kumene mukutera. Ulendo wa maola awiri ndi mphindi zochepa umaoneka ngati wa maola atatu, pomwe pobwerera umaoneka ngati wa ola limodzi lokha. Bambo aja nditawalongosolera izi anatembenuza lisiti lija n'kuyambanso masamu, ulendo uno a Addis Ababa.