Vidiyo sho ndi sukulu ku Salima: mkangano womwe unabadwa mu 1994

Teremu ikangotsegulidwa, nkhani ya mavidiyo sho ndi malo osewerera magemu imabukanso pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi kuno ku Salima. Dandaulo lake ndi lomwelija: mwana wachoka pakhomo atavala yunifolomu, koma dzuwa likamakwera ali pabenchi pa Kamuzu Road, ku Senga Bay kapena ku Chipoka, padi yosewerera gemu ili m'manja. M'madera ambiri a dziko lino mafumu anakhazikitsa malamulo a m'mudzi oletsa ana kupezeka m'malo amenewa nthawi ya sukulu, ndipo alipo makolo amene akufuna kuti angotsekedwa basi. Eni ake amayankha kuti iwo saitana mwana wa munthu, ndipo kuti mwana akathawa m'kalasi pali chimene wathawa. Mkanganowu umamveka ngati wa dzana, koma mizu yake ili zaka zoposa 30 kumbuyoku.

Poyambira ndi apa: Malawi analibe wailesi yakeyake ya kanema mpaka pa 1 April 1999, tsiku limene TVM inayamba kuulutsa. Maiko otizungulira anali atatitsogolera kalekale. Chifukwa chimene Dr Hastings Kamuzu Banda sanalolere kanema chimafotokozedwa mosiyana. Amene ankamukonda amati ankateteza khalidwe la ana, ndipo amaloza ku lamulo la kavalidwe la 1973 ngati umboni wakuti nkhani za khalidwe ankazitengadi mozama. Amene anazunzika muulamuliro wake amati ankaopa kuti anthu aona mmene anzawo akukhalira kunja. Umboni wolembedwa umene tingaugwire ndi lamulo la 1968 la Censorship and Control of Entertainments, lomwe linakhazikitsa Censorship Board ndi kuipatsa mphamvu pa filimu, buku, magazini ndi malo alionse osangalatsirapo anthu. Lamulo lotere limagwirizana ndi mafotokozedwe onse awiri, ndipo n'kutheka kuti zifukwa ziwirizo zinkayendera limodzi.

Choncho mwana wa ku Khombedza kapena ku Lifuwu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ankaona zithunzi zoyenda pokhapokha galimoto ya boma ya kanema ikabwera kudzamanga chinsalu pabwalo madzulo, ndi mafilimu a ulimi, ukhondo ndi maulendo a Ngwazi. Zojambula zoseketsa ankazipeza m'nyuzipepala, monga Pewani wa Brian Hara mu Malawi News, nyuzipepalayo itadutsa kale m'manja ambiri. Za nyengo imeneyo n'zokhazo.

Chaka chimene chinatembenuza zinthu ndi 1994, ndipo apa m'pofunika kuima ndithu, chifukwa zinthu zingapo zinagwa pamodzi m'miyezi yowerengeka. Referendamu ya pa 14 June 1993 inali itathetsa kale ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo mantha omwe anthu anali nawo pa zoonera ndi zowerenga anayamba kusungunuka. Mu February 1994 boma linasiya kuika lokha mtengo wa kwacha, malamulo a malonda anamasuka, katundu wakunja nayamba kulowa mosavuta: madeki a matepi a VHS, masikirini akale, majenereta aang'ono, mabelo a kaunjika. Pa 17 May kunachitika chisankho, Bakili Muluzi napambana. Chaka chisanathe, boma latsopanolo linakwaniritsa lonjezo lake la maphunziro aulere a pulayimale.

Ziwerengero za ana amene anakhamukira kusukulu zimasiyana pang'ono malinga ndi lipoti lomwe mukuwerenga. Onse amavomerezana kuti sukulu yaulere isanayambe analipo pafupifupi 1.9 miliyoni. Pa chaka chotsatira ena amalemba 2.9 miliyoni, ena 3.2 miliyoni, ndipo kusiyanaku n'komveka chifukwa ana ambiri analembetsa koma sanakhalitse. Kaya titenge chiwerengero chiti, ana okwana miliyoni kapena kuposa anawonjezeka nthawi imodzi. Boma linalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo atangophunzitsidwa masabata ochepa. Makalasi anasamukira pansi pa mitengo ya mango. Mwana wa Sitandade 1 ankatha kukhala tsiku lonse mphunzitsi osamutchula dzina, ndipo akazemba pa buleki panalibe wozindikira.

Tsono taganizirani: m'chaka chomwecho, pamtunda wosakwana kuyenda kwa mphindi zochepa kuchoka pamtengo wa mango uja, munthu wina wamanga chisakasa cha mphasa, waikamo mabenchi, sikirini ndi deki, sipika waiika panja kuti mfuti ndi nkhonya zizimveka mpaka kumsika. Pakhomo pali chinsalu chakuda chotchinga kuwala ndi bolodi lolembedwa ndi choko mafilimu a tsikulo. Wopanda ndalama ankasuzumira pampata wa mphasa mpaka mnyamata wa pakhomo atamuthamangitsa. Kumene kunalibe magetsi a ESCOM, ndiye kuti pafupifupi kulikonse kunja kwa tauni, jenereta kapena batire la galimoto linkagwira ntchitoyo. Kunyanja bizinesi imeneyi inamera msanga kuposa kumtunda, chifukwa usipa ukagwidwa ndalama zimayenda tsiku lomwelo, ndipo mwana wothandiza kukoka khoka kapena kuyanika nsomba pathandala amakhala ndi kakobiri kakekake osadikira makolo. Sukulu yodzaza ndi vidiyo sho zinabadwa ngati mapasa, ndipo chiyambire zakhala zikulimbirana mwana mmodzi yemweyo.

Mbiri ya mavidiyo showa ili pakamwa, ndipo aliyense amaikokera kumene anakulira. Wa pa Kamuzu Road amati zinayambira pamenepo chifukwa m'pamene pamatsikira anthu ochokera ku Lilongwe. Wa ku Chipoka amatchula doko ndi njanji. Ena amati madeki oyamba anabwera ndi anthu obwerera ku South Africa. Zonsezi zingakhale zoona nthawi imodzi, ndipo palibe chifukwa chosankhira imodzi. Chimene onse amakumbukira mofanana ndi ndondomeko ya tsiku: mmawa kapena masana tizidole ta ana, madzulo karate ndi nkhondo, usiku za akuluakulu.

Tizidole timeneti n'tomwe ambiri amaiwala akamatsutsa. Tom and Jerry anapangidwa ndi William Hanna ndi Joseph Barbera ku America mu 1940, ndipo awiriwa anajambula timafilimu 114 kufikira 1958. Tom and Jerry anafika kuno ali ndi zaka zoposa 50, koma kwa mwana wa ku Salima anali watsopano. Chimene anapambanira makatuni ena n'choonekeratu: mphaka ndi khoswe salankhula, ndiye mwana amene sanadziwe ndi liwu limodzi lomwe la Chingerezi ankamva nkhani yonse, n'kukaifotokozera anzake kudambwe. Khoswe wamng'ono wopusitsa mphaka wamkulu sanali mlendo kwa ana amene anakula ndi nthano za Kalulu.

Ziphona za m'mabuku a zithunzi zinabwera njira ina. Superman ndi wa 1938, Batman wa 1939, Spider-Man wa 1962, wopangidwa ndi Stan Lee ndi Steve Ditko. Kwawoko ana anawadziwa powerenga timabuku. Kuno timabukuto sitinkapezeka m'magolosale, ndipo ambiri anayamba kuona chizindikiro cha mleme kapena ukonde wa kangaude pa malaya ndi zikwama za pakaunjika. Nkhani yake anadzaimva pambuyo, mafilimu atafika pa ma CD, makamaka kuyambira filimu ya Spider-Man ya 2002. Pakati pamenepo ana ankadzipekera okha mbiri ya munthu wa pamalaya awo, kumujambula kuchikuto kwa kope ndi kumuumba ndi dongo. Lamulo limodzi ankalidziwa onse: mwini filimu safa.

Magemu nawo analowera pakhomo lomweli. Kunayamba timakina totchipa ta ku Asia totengera Famicom ya Nintendo ya 1983, tokhala ndi makatiriji achikasu olonjeza magemu zikwizikwi pamene enieni anali owerengeka obwerezabwereza. Mmenemo munali Super Mario Bros. wa 1985. Katiriji ikakana, ankaizula n'kuipemerera mpweya, kuibwezeramo, onse ali duu kudikira kuti chithunzi chibwere. M'matumba a ana ena munali Brick Game, yotengera Tetris ya Alexey Pajitnov ya 1984. PlayStation inatuluka ku Japan mu December 1994, ndipo PlayStation 2 mu 2000, koma kuno zinkafika mochedwa, zitagwira kale ntchito kwina. Zitafika, eni mavidiyo ena anaika sikirini yachiwiri pakona, ndipo m'pamene panabadwira malo a magemu omwe tikukanganirana lerowa: mpira wa FIFA ndi Pro Evolution Soccer, ndewu za Mortal Kombat, wogonja kupereka padi kwa wotsatira, oonerera kuchuluka kuposa osewera.

TVM itabwera mu 1999 sinasinthe zambiri kuno, popeza nyumba zokhala ndi magetsi ndi sikirini zinali zochepa. Kenako kunabwera mafilimu a ku Nigeria, mpira wa ku England pa DStv, ma DJ omasulira mafilimu m'Chichewa, malo obenera nyimbo ndi mafilimu pa memori kadi. Chisakasa chinasanduka chipinda cha njerwa, koma bolodi la choko likadalipo.

Dandaulo la makolo si lopeka, ndipo wolikana ndiye kuti sanakhalepo pafupi ndi malowa. Alipo eni mavidiyo amene amaonetsa zolaula ana ali momwemo. Alipo ana amene amaba ndalama pakhomo kapena kugulitsa chimanga mobisa kuti akasewere. Atsikana amakumana ndi zoopsa pobwerera usiku. Pa zonsezi malamulo alipo: la 1968 lija limafuna kuti malo oonetsera akhale ndi chilolezo, lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lilipo, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati pulayimale ndi yokakamiza. Vuto n'lakuti oyendera ndi ochepa ndipo mavidiyo ali m'misika yonse.

Maiko amene zinthuzi zinachokera anadutsanso momwemu, ndipo njira yomwe anatenga ndi yoyenera kuidziwa. Mu 1954 nyumba ya malamulo ya Senate ku America inafufuza ngati timabuku ta zithunzi tikuwononga ana, ndipo osindikiza anadziikira malamulo otchedwa Comics Code. Mu 1993 inafufuzanso magemu, magazi a mu Mortal Kombat ali pakati pa nkhaniyo, ndipo mu 1994 kunakhazikitsidwa bungwe la ESRB loika msinkhu woyenera pa gemu iliyonse. Maulendo onse awiri sanatseke bizinesi, anaika malire a zimene mwana angaone.

Ine ndimaona kuti amene akufuna kutseka amaiwala chinthu chimodzi. Kwa mwana wa msodzi amene kwawo kulibe sikirini, chipinda chija chinali, ndipo kwa ambiri chikadali, khomo lokhalo loonera zimene mwana wa ku Area 47 amaonera pampando wa kwawo popanda womutcha wosokonekera. Mwini vidiyo amene amatsegula ana ataweruka, amabweza wa yunifolomu pakhomo ndi kusunga za akuluakulu mpaka usiku, alipo ndithu, ndipo pamsonkhano sapatsidwa mpata wolankhula kawirikawiri.

Pakali pano nkhawa yaikulu yasamukira pafoni. Mwana wa Fomu 2 angathe kukhala ndi magemu ndi mafilimu ambiri m'thumba kuposa omwe anali m'vidiyo sho yonse ya 1998, ndipo pafoni yomweyo pali kubetcha, komwe kumaoneka ngati gemu koma kumadya ndalama zenizeni. Lamulo limaletsa aliyense wosakwana zaka 18 kubetcha. M'malamulo a m'midzi amene amakambidwa pamisonkhano ija, mavidiyo sho ndi magemu zimatchulidwa ndi maina, koma foni ndi kubetcha nthawi zambiri sizinalembedwemo.