Musanagule Maserati yotchipa ija, funsani kaye za giyabokosi

Funso lake limabwera mofanana nthawi zonse, kaya wofunsayo ali ku Manchester, ku Johannesburg, kapena akuitanitsa galimoto ku Japan: ndigule Maserati ya zitseko ziwiri kapena ya zitseko zinayi? Ndipo mumtima amakhala atadziyankha kale, kuti ya zitseko zinayi ndi yofatsa, ndi ya banja, siingadye ndalama ngati Ferrari. Apa ndi pamene anthu amagwera m'mbuna, ndipo ndatopa nako kumva maganizo amenewa.

Maserati Quattroporte imene inapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012 ili ndi zitseko zinayi, inde, koma injini yake ya V8 ya malita 4.2 inapangidwa ndi Ferrari, ndipo ndi ya banja limodzi ndi ya Ferrari F430. Mtengo wa galimotoyi unagwa kwambiri moti lero mutha kuipeza pa ndalama yogulira Toyota wamba. Koma mtengo wa kilatchi, mashokabu ndi mabuleki sunagwe nawo. Masipeya sadziwa kuti inu munagula motchipa. Choncho kuwerenga zitseko n'kutaya nthawi. Chimene chimasiyanitsa galimoto yoti mukhala nayo mwamtendere ndi yoti ikusaukitsani ndi giyabokosi yake komanso mapepala a sevisi.

Ma Quattroporte oyambirira anatuluka ndi giyabokosi yotchedwa DuoSelect. Pa Maserati Coupé ya 2002 mpaka 2007 dzina lake ndi Cambiocorsa, pa Ferrari ndi F1, pa Lamborghini Gallardo ndi e-gear, pa Alfa Romeo ndi Selespeed. Maina ndi ambiri koma nzeru yake ndi imodzi. Mukalowamo mumaona mapedulo awiri, ndiye mumati ndi otomatiki. Si otomatiki. Ndi giyabokosi ya manyuwo yokhala ndi kilatchi youma, kungoti woponda kilatchiyo ndi kompyuta, pogwiritsa ntchito pampu ndi oyilo wa hayidiroliki.

Ndiye taganizani galimoto yolemera pafupifupi matani awiri ili pa mdipiti wa m'tauni madzulo, mwini wake akuikwawitsa pang'onopang'ono, phazi likungokhudza mafuta monga amachitira pa otomatiki. Nthawi yonseyo kilatchi ili theka, ikupsa. Kubwerera m'mbuyo pa chitunda ndiye koipitsitsa, fungo lake mumalimva muli m'kati momwemo. Galimoto zimenezi zimafuna kuti mudikire mpata utseguke kutsogolo, kenako munyamuke motsimikiza kuti kilatchi igwire yonse msanga. Amene anali nayo inu musanagule mwina sankadziwa zimenezi.

Kilatchi yake simuiyesa ndi phazi kapena ndi khutu. Kompyuta ya giyabokosi imasunga nambala yosonyeza kuti yadyeka maperesenti angati, ndipo nambalayo imawerengedwa ndi makina oyenera monga SD3 kapena Leonardo. Kachipangizo ka OBD kolumikiza ku foni kamene kali m'thumba mwa makaniko aliyense sikafika kumeneko. Wogulitsa akakana kuti nambalayo iwerengedwe, bwererani kunyumba ndi ndalama zanu. Akakuonetsani nambala yokongola kwambiri, funsani lisiti ya kilatchi, chifukwa munthu wodziwa makinawo atha kuilembanso nambalayo popanda kusintha chilichonse.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi mmene pampu ya giyabokosi ija imafera, chifukwa imayamba yachenjeza kwa miyezi. Mukatsegula chitseko cha dalaivala m'mawa, mumamva kulira kwa pampu kwa masekondi angapo, ikudzaza mphamvu. Zimenezo n'zabwinobwino. Pali kambiya kachitsulo kotchedwa accumulator kamene kamasunga mphamvuyo kuti pampu izipuma. Kambiyako kakatopa, kapena paipi ikayamba kudontha, pampu imayamba kulira pafupipafupi, giya iliyonse mukasintha. Mwini galimoto amati bola ikuyenda. Kenako relay, swichi yamagetsi yoyatsa pampu, imatentha n'kumatirira, pampu imazungulira osaima mpaka mota yake kupsa. Tsiku limenelo galimoto imakana kulowa giya, kapena imakakamira m'giya pakati pa msewu, ndipo kuikankha sikutheka. Vuto limene likanatha ndi relay ndi kambiya lasanduka la pampu, la buleki dauni, ndipo nthawi zina la kilatchi yomwe.

Ikafika pamenepa m'pamene amatulukira akatswiri a pansi pa mtengo. Wina amafufuta makodi, nyali ya pa dashibodi n'kuzima, n'kulandira ndalama yake. Mawa nyali yayakanso. Wina amathira buleki fuluwidi m'kathanki ka hayidiroliki poti "zonse ndi madzi", pamene Maserati imafuna Tutela CS Speed, ndipo masilo onse a m'kati amafufuma. Wina amaikadi kilatchi yatsopano, ntchito yaikulu ndithu, chifukwa giyabokosi ili kumbuyo, kilatchi ili kutsogolo pa injini, ndipo pamafunika kutsitsa ekizozi, giyabokosi ndi chitsulo cholumikiza ziwirizi. Koma atamanga zonse saiuza kompyuta kuti kilatchi ndi yatsopano, sakonza PIS, pomwe kilatchi imayambira kugwira. Galimoto imanjanja ponyamuka, kapena kilatchi yatsopanoyo imapsa isanathe chaka. Ndipo poti atsegula kale, thrust bearing (beringi yokankha kilatchi) ndi sensa ya kilatchi zimayenera kusinthidwa nthawi yomweyo, fulayiwilo n'kuyang'anidwa. Kusiya beringi yakale kuti mupulumutse ndalama pang'ono ndi kulipira ntchito yonse ija kawiri. Musanapereke makiyi kwa aliyense, mufunseni kuti PIS aikonza ndi makina anji. Akayamba kukanda m'mutu, tengani makiyi anu.

N'chifukwa chake munthu wofuna Quattroporte yoyendera tsiku ndi tsiku ndimamuuza kuti ayang'ane za 2007 kupita m'tsogolo, zimene zili ndi otomatiki yeniyeni ya kampani ya ZF ya magiya 6. Giyabokosi imeneyo inaikidwanso m'ma BMW ndi ma Jaguar ambiri, ndiye oidziwa sasowa. Pa injini ya 4.2, kuzindikira n'kosavuta: zivundikiro za pamwamba pa injini zikakhala zofiira ndi DuoSelect, zikakhala zabuluu ndi ZF. Samalani ndi ya malita 4.7 imene inabwera mu 2008, chifukwa nayo ndi yofiira ngakhale ili ndi ZF. GranTurismo, ya zitseko ziwiri ija ya 2007 mpaka 2019, ndi m'bale wake wa Quattroporte, ndipo yambiri ili ndi ZF yomweyo, kupatula ya MC Shift imene ndi ya kilatchi. Mwaonatu: GranTurismo ya ZF ndi yosavuta kusunga kuposa Quattroporte ya DuoSelect, ngakhale ili ndi zitseko zochepa.

Za ZF nazo zili ndi nthenda yake, ma variator a pa kamshafuti ya injini, tizipangizo tosintha nthawi yotsegukira mavavu. Injini ikagona usiku wonse, oyilo amatsika, ndipo poliza m'mawa pamamveka phokoso la khwekhwerere kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako zii. Ikatentha simumvanso kanthu. Ogulitsa ochenjera amadziwa zimenezi, amailiza inu musanafike. Choncho pitani m'mamawa, tsegulani boneti, gwirani injini ndi dzanja musanalole kuti ailize. Ikakhala yofunda, panganani tsiku lina. Kukonza kwake n'kusintha ma variator ndi kukonza zipewa za kamshafuti kuti oyilo asamabwerere. Oyilo wokhuthala amene ena amathira amangobisa phokosolo.

Za oyilo ndinenepo chinanso. Injini za Ferrari 360 ndi F430, komanso za Maserati za DuoSelect, ndi za dry sump, oyilo amakhala m'thanki yapadera. Amayezedwa injini itatentha, ikulira payokha. Mukayeza yozizira imaoneka ngati yauma, ndiye mnyamata wa pa filing'i sitesheni amathira malita awiri kapena atatu owonjezera mwa chifundo chake. Oyilo wosefukirayo amakalowa kumene kumalowera mpweya, utsi n'kuyamba.

Tsopano kwa amene mtima uli pa Ferrari. F355 ya 1994 mpaka 1999 ndi 360 Modena imene inailowa m'malo mu 1999 zimayendetsa makamshafuti ndi malamba awiri, lamba mmodzi mbali iliyonse. Malambawo amasinthidwa pa zaka zitatu zilizonse, galimoto iyende kapena isayende, pamodzi ndi maberingi a matenshona. Pa F355 ntchito yake amatsitsa injini yonse. Pa 360 amalowera pa chitseko chimene chili kuseri kwa mipando, ndiye mtengo wake ndi wochepako. F430 ya 2004 ili ndi tcheni, nkhani ya malamba palibe, koma mamanifodi ake a ekizozi amang'aluka, ndipo zidutswa za catalyst, chipangizo choyeretsa utsi, zitha kubwerera m'masilinda. Mukamva kuti tchi-tchi-tchi injini ikadali yozizira, musachedwe nazo. Lamba akaduka pa 355 kapena 360, mapisitoni amakumana ndi mavavu, ndipo injini imeneyi ili ndi mavavu 40, asanu pa silinda iliyonse.

Mawu amene amakopa ogula kwambiri ndi akuti "yayenda makilomita ochepa". Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto ya ku Italy imene yangokhala m'galaja zaka zisanu imakhala ndi malamba ouma, masilo olimba amene amayamba kudontha sabata yoyamba, mabuleki omatirira ndi batire lofooka. Batire lofooka limayatsa nyali zabodza pa dashibodi, ndipo makaniko wosadziwa amayamba kusintha masensa amene alibe vuto. Matayala amaoneka atsopano, koma werengani manambala anayi omaliza a DOT m'mbali mwake: 2318 ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Ine ndingasankhe yoyenda makilomita ambiri yokhala ndi malisiti a chaka ndi chaka kusiyana ndi yogona yopanda pepala. Mabatani a m'kati omata ngati ulimbo asakuopseni, ndi utoto wake umene umasungunuka, amakonzeka.

Ya ku Britain, lowani pansi ndi tochi muone dzimbiri pa subframe, chitsulo chonyamula sasipenshoni, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira. Mbiri ya MOT, mayeso a chaka ndi chaka a galimoto kumeneko, imapezeka mwaulere pa intaneti mukangolemba nambala ya galimoto, ndipo imasonyeza makilomita a chaka chilichonse. Ya ku Japan, funsani pepala la ku okishoni, ndipo yang'anitsitsani zithunzi, chifukwa Ferrari ndi Maserati zambiri kumeneko chiwongolero chili kumanzere. Ngati ikubwera ku Malawi, werengerani msonkho musanatumize ndalama, poti umakwera ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo V8 yakale imagwa mbali yodula pa zonse ziwiri. Ganiziraninso mahampu. Gallardo kapena F430 yopanda makina okweza mphuno imasiya bampala pa hampu yoyamba, ndipo ma Skyhook, mashokabu amagetsi a Maserati, sakhalitsa pa maenje. Kanikizani batani la Sport poyesa. Ngati galimoto siikusintha kulimba, kapena nyali ya sasipenshoni siyaka n'komwe potembenuza kiyi, wina wabisa vuto.

Amene akungofuna galimoto ya zitseko zinayi ya ku Italy yoti azipita nayo ku ntchito, Maserati Ghibli ya 2013 kupita m'tsogolo ndi yomveka kuposa zonsezi: V6 ya malita 3.0 ndi otomatiki ya ZF ya magiya 8. Ya dizilo ili ndi DPF, sefa ya mwaye imene imatsekeka ngati maulendo anu ndi afupiafupi a m'tauni, ndipo imafuna oyilo wake wa phulusa lochepa. Nyali ya DPF ikayaka, itulutseni pa msewu waukulu tsiku lomwelo iyende mothamangako kwa mphindi 20 kapena 30 kuti mwaye upse. Mukaizengereza, dizilo amayamba kusakanikirana ndi oyilo wa injini, mulingo pa dipisitiki n'kumakwera wokha, ndipo maberingi a injini ndi a tebo amayamba kudyeka. Kugogoda sefayo ndi chitsulo kuti ibooke, monga amachitira ena, kumasiya kompyuta ikufunafuna sefa imene kulibe, ndipo ku Britain galimoto yotero imalephera MOT.