Klorini pa Ypres: chida chimene chinkadikira mphepo

Madzulo a pa 22 Epulo 1915, mkati mwa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, cha m'ma 5 koloko, asilikali a Germany anatsegula masilinda oposa 5,700 amene anawakwirira kutsogolo kwa ngalande zawo pafupi ndi Ypres ku Belgium. Munatuluka matani pafupifupi 168 a mpweya wapoizoni wa klorini. Mtambo wachikasu mobiriwira, wotambalala makilomita 6, unayamba kukwawa kulunjika kwa asilikali a France, ambiri a iwo ochokera ku Algeria. Ankatsogolera ntchitoyi ndi katswiri wa sayansi Fritz Haber.

Klorini inalipo kale yochuluka m'mafakitale a Germany opanga utoto wa nsalu. Koma chimene chinaichititsa kukhala yoopsa pankhondo ya m'ngalande ndi kulemera kwake: imaposa mpweya wamba kawiri ndi theka. Siuluka m'mwamba ayi, imatsetsereka ngati madzi n'kudzaza dzenje lomwelo limene msilikali ankabisalamo zipolopolo. Wogona pansi ndi wovulala wa pamachira ndiwo ankaipuma kwambiri. Ikakhudza chinyezi cha m'maso, pakhosi ndi m'mapapo, imasanduka asidi wamitundu iwiri, hydrochloric ndi hypochlorous. Timatumba ta m'mapapo timapsa n'kuyamba kuchucha madzi, munthu n'kumabanika ngati wamira m'nyanja, chonsecho ali pamtunda.

Vuto lake linali mphepo. Pa Loos ku France, pa 25 Seputembala 1915, Britain inabwezera ndi matani pafupifupi 140, koma mphepo inali yofooka ndi yosinthasintha, moti m'malo ena mpweyawo unabwerera kwa eni ake. Ena anapatsidwa masipanala osakwana pa masilinda. Komanso klorini imaoneka, imanunkha, ndipo imasungunuka m'madzi, choncho kansalu konyowa, ngakhale ndi mkodzo, kankathandizako. Posakhalitsa kunabwera zovala kumutu zoviikidwa m'mankhwala, kenako masiki zokhala ndi kabokosi ka makala osefa mpweya.

Apa m'pamene akatswiri anayamba kufuna mpweya wozembera munthu. Phosgene, imene Germany inagwiritsa ntchito pa Wieltje, pafupi ndi Ypres, mu Disembala 1915, siioneka ndipo imangomveka ngati udzu wouma wochita nkhungu. Msilikali ankatha kuyenda bwinobwino, mawa lake mapapo atadzaza madzi. Imfa zambiri za mpweya wapoizoni pankhondoyo zinachokera kwa iyo. Mu Julaye 1917, pa Ypres pomwepo, kunabwera mustard, madzi okhala ngati mafuta oponyedwa m'mabomba. Inkalowa m'zovala, kutulutsa matuza m'khwapa ndi m'mphechepeche, kutseka maso, n'kutsalira m'dothi masiku ambiri. Masiki yokha sinalinso yokwanira.

Pangano la ku Geneva la 1925 linaletsa kugwiritsa ntchito zidazi, koma osati kuzipanga kapena kuzisunga, ndipo mpata umenewo unapweteketsa anthu. Italy inathira mustard ku Ethiopia mu 1935 ndi 1936. Iraq inapha anthu pafupifupi 5,000 ndi zidazi ku Halabja, tawuni ya m'dziko lomwelo, mu Malichi 1988. Kuletsa kupanga ndi kusunga komwe kunadza ndi pangano la 1993, limene linayamba kugwira ntchito mu 1997 pansi pa OPCW, bungwe loletsa zida za mankhwala apoizoni la ku The Hague.

Klorini yokha siingaletsedwe kupanga, chifukwa ndi yomweyi timathira m'ndowa ya madzi kolera ikabuka. Ngakhale pakhomo, Jik akasakanizidwa ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi amatulutsa mpweya womwewu, choncho musamaziphatikize. Chimene panganoli limaletsa n'kuisandutsa chida. Ofufuza a OPCW anapeza kuti pa 7 Epulo 2018 helikopita ya asilikali a boma la Syria inagwetsa masilinda awiri a klorini ku Douma. Imodzi inagwera padenga la nyumba yosanja n'kusweka, mpweya unatsikira m'zipinda zapansi, ndipo anthu 43 anafa.