Ngozi za pamsewu m'tauni ya Mangochi: uthenga kwa oyenda pansi, akabaza ndi okwera minibasi

Taimani pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi dzuwa likamapendeka. Mayi wasenza dengu la usipa, wakabaza wanyamula munthu ndi thumba la chimanga, ana akuchokera ku madrasa atagwirana manja, Sienta yaima mwadzidzidzi kuti itsitse munthu, ndipo kumbuyo kwake lole yochokera ku Chiponde ikuliza hutala. Onsewa akulimbirana phula limodzi, koma amene alibe chitsulo chomutchinga ndi amene amafika kuchipatala atathyoka.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe matenda amene akupha ambiri kuposa msewu. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi ya zaumoyo, monga malungo ndi kolera, osati ya apolisi okha.

Liwiro

Timakonda kunena kuti ngozi ilibe fungo. Koma liwiro limaoneka ndi maso. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Mwana akatulukira kuseri kwa minibasi, dalaivala amakhala atadutsa kale mtunda umenewo phazi lisanafike pa buleki. Pa makilomita 30 pa ola imayenda mamita 8 okha, ndipo ngakhale imugunde munthu, nthawi zambiri amapulumuka. Liwiro likakwera kuchoka pa 50 kufika pa 65, chiopsezo choti woyenda pansi wogundidwa afe chimakula kuposa kanayi. Mayiko atakumana ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 2020 anagwirizana kuti pamalo pamene anthu ndi magalimoto amasakanikirana, 30 ndiye liwiro loyenera. Kwathu kuno malo otere sitichita kuwafunafuna: pamsika, padepoti, pazipata za sukulu, pakhomo la chipatala, pamzikiti Lachisanu masana, ndi m'matauni ang'onoang'ono a mumsewu wa ku Monkey Bay monga Makawa.

Kuoneka kukada

Nthawi yoopsa ndi ya chisisira, pamene aliyense akuthamangira kunyumba ndipo madalaivala ena sanayatse magetsi. Inu mukuiona galimoto, koma dalaivala sakukuonani, makamaka ngati mwavala zakuda. Magalimoto kuno amayenda kumanzere, choncho woyenda pansi atsate kumanja kwa msewu kuti aziyang'anizana ndi zimene zikubwera. Nyamulani chinthu choyera kapena yatsani tochi ya pafoni. Wa njinga yakapalasa aziyenda kumanzere, akhale ndi nyali kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo. Njinga yosenza makala kapena nkhuni zopingasa imatenga malo aakulu kuposa mmene wopalasa akuganizira.

Mukatsika minibasi musawoloke kutsogolo kwake. Dikirani ichoke kuti msewu muuone mbali zonse. Mwana wamng'ono satha kuyeza liwiro la galimoto, ndiye mugwireni padzanja, ndipo inu mukhale mbali imene kukudutsa magalimoto.

Chipewa cha panjinga yamoto

Ku Mangochi kumatentha, ndipo tikudziwa zimene anthu amanena: chipewa chikununkha thukuta la wina, chisokoneza tsitsi, ulendo wake ndi wapafupi. Valani kansalu kapena mpango mkati, koma chipewacho musachikane. Bala la pamwendo limapola, ubongo ukavulala munthu amatha kutsala wosayankhula kapena wakugwa khunyu moyo wake wonse. Chipewa chosamanga lamba pachibwano chimavuka munthu asanafike pansi, ndipo chija cha pulasitiki cha omanga nyumba si cha panjinga. Akabaza, anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi amapangitsa buleki kusagwira bwino. Mukamva fungo la mowa kwa wokuyendetsani, tsikani, ndalama ya ulendo umodzi si kanthu.

M'minibasi kapena m'Sienta, wokwera ali ndi pakamwa. Dalaivala akamathamanga kapena kuyankha foni akutsetsereka mapiri a ku Namwera, nenani: "Adalaivala, chepetsani, tili ndi ana muno." Mmodzi akayamba, ena amavomereza. Woyendetsa ali pafoni amakhala pa chiopsezo cha ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sali pafoni.

Tisamangodzudzula woyenda pansi, chifukwa nthawi zambiri amalowa mu phula posowa poponda: m'mbali mwadzaza mabenchi a malonda, mchenga, kapena madzi a mvula. Mahampu pafupi ndi sukulu, mizere yowolokera yopentedwa bwino, magetsi a mumsewu ndi malo oikika oimapo minibasi ndi zinthu zimene makomiti a sukulu, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti angakapemphe kukhonsolo kudzera mwa khansala wawo.

Ngozi ikachitika

Wina ayambe waimitsa magalimoto kuti pasachitike ngozi yachiwiri. Pamene pakutuluka magazi ambiri, panikizani mwamphamvu ndi chitenje choyera osasiya. Musamupatse wovulala madzi kapena chakudya, chifukwa mwina akafunika opaleshoni. Amene akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, musamunyamule mopinda ngati thumba, kapena kumukhazika pa njinga yamoto. Mugonekeni pa thabwa kapena chitseko, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke, ndipo pitani naye kuchipatala chachikulu cha Mangochi kapena chilichonse chapafupi. Bala lolowa dothi likufunika kutsukidwa, ndipo wovulalayo alandire katemera wa kafumbata.

Munthu amene wamenyetsa mutu amatha kudzuka, kusasa fumbi n'kupita kwawo, magazi akutuluka pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza. Musamusiye yekha usiku umenewo. Akayamba kusanza, kusinza modabwitsa, kuyankhula zosokonekera, kukomoka, mutu kupweteka mowonjezereka, kapena kutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.