Kuitanidwa ku tsiku loonetsa luso la lacrosse si lonjezo la malo mu timu ya koleji

Kwa zaka zambiri ndamva makolo a ku America akunena kuti mwana wa sekondale akaitanidwa ku tsiku loonetsa luso la lacrosse (masewera a timu oponya ndi kuwakha mpira ndi ndodo yokhala ndi kaukonde kumapeto) pa koleji, ndiye kuti mphunzitsi wa timu ya kolejiyo wamusankha kale. Zimenezi si zoona. Masiku oonetsa lusowa ndi olipira, ndipo malamulo a masewera a m'makoleji amafuna kuti wophunzira aliyense wa msinkhu woyenera aloledwe kulembetsa, choncho makalata oitanira amapita kwa osewera ambirimbiri nthawi imodzi. M'makoleji akuluakulu aphunzitsi saloledwa kukambirana za malo ndi wosewera asanafike Seputembala wa giredi 11. Werengani nokha malamulowa pa intaneti, ndipo funsani mphunzitsi wa timu ya kusukulu ngati kolejiyo yafunsadi za mwana wanu. Chonde musauze kholo lina zimene simunatsimikize, pakuti banja likhoza kutaya ndalama zambiri pa ulendo ndi malipiro.