Kapisozi ndi mafuta oyeretsa khungu sizichiritsa zipere

Ndatopa kumva malangizo akale aja akuti zipere zikakana mankhwala, ufa wa kapisozi wa amoxicillin muusakanize ndi mafuta oyeretsa khungu, mudzole. Si zoona.

Zipere zimayamba ndi fangasi, pomwe amoxicillin amapha mabakiteriya okha. Mafuta ambiri oyeretsa khungu ali ndi siteroidi, mankhwala ongoziziritsa kutupa ndi kuyabwa, monga betamethasone kapena clobetasol. Kuyabwa kumaleka, kufiira kumazilala, munthu n'kumati wachira, pamene fangasi akufalikira pansipansi. Mukasiya kudzola, kachipere konga ndalama yachitsulo kaja kamabwerera katakuta ntchafu yonse. Zimandiwawa kwambiri wodzoledwayo akakhala mwana.

Fangasi wosamva mankhwala alipodi. Ku India kunafala mtundu wotchedwa Trichophyton indotineae, womwe kawirikawiri sumva terbinafine, ndipo madokotala amasinthira ku mapiritsi a itraconazole kwa milungu ingapo. Kuphatikiza mankhwala kumachitikadi, koma n'kwa kuchipatala: meninjaitisi (nthenda youmitsa khosi) ya fangasi, yomwe imagwira anthu amene HIV yawafooketsa chitetezo, imalimbanidwa ndi amphotericin B, flucytosine ndi fluconazole. Onsewo ndi a fangasi.

Kutsimikiza nokha n'kosavuta. Werengani tizilembo ta pa chubu: clotrimazole, miconazole ndi terbinafine ndi a fangasi, koma mukaona betamethasone kapena clobetasol, funsani kaye wa kufamase. Zipere za m'mutu zimafuna mapiritsi monga griseofulvin, chifukwa odzola safika m'mizu ya tsitsi.

Uthenga wa kasakanizidwe kameneka ukakupezani pa WhatsApp, chonde musautumize kwa ena musanafunse achipatala.